Kuchoka m'manja mwa wakaloba mpaka kubwereketsa boma

Ndimagwira ntchito yowerengera katundu m'sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba kuno ku Lusaka. Ndinayamba mu 2017 ndili ndi zaka 23, nditangochoka kwathu ku Katete. Mpaka lero ndimakwera minibasi, ndipo zovala zambiri ndimasankha pa salaula kumsika wa Soweto. Ndanena izi msanga kuti wina asaganize kuti ndinakwezedwa pantchito kapena ndinakwatiwa ndi munthu wolemera. Malipiro anakwerako pang'ono monga amakwerera a aliyense. Chimene chinasintha kwambiri ndi kumene ndalama imapita pa tsiku limene yalowa mu akaunti.

Pofika mu 2021 ndinkatsala ndi pafupifupi K4,500 akachotsa msonkho, ya penshoni ya NAPSA ndi ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA. Pa imeneyo K1,100 inkadulidwiratu pa payslip, kubweza ngongole imene ndinatenga ku kampani ina yobwereketsa ndalama pamene ndinkasamukira ku Mtendere, yogulira bedi ndi firiji komanso kulipira lendi ya miyezi itatu. Lendi yakeyo inali K1,200 mwezi uliwonse. Ndiye panali kaloba. Bambo anga anamwalirira kuno ku Lusaka chakumapeto kwa 2020, ndipo kunyamula maliro kupita ku Katete si nkhani yamasewera. Achibale anasonkha, kutchalitchi anathandiza, koma zinaperewerabe. Ndinapita kwa bambo wina wa m'komboni mwathu amene aliyense amamudziwa, ndinasiya TV ngati chikole, ndinatenga K2,000. Pangano linali lakuti mwezi ukatha ndibweze K2,600, ndipo ndikalephera ndipereke K600 yokha kuti ngongole iyambirenso.

Ndinkapereka K600 imeneyo mwezi ndi mwezi, mokhulupirika, mpaka bamboyo ankandiyamikira kuti ndine kasitomala wabwino. Chaka chimenecho zinthu zinali kukwera mtengo moopsa. Pakati pa 2021 kukwera kwa mitengo kunafika pa 24.6 peresenti ndipo dola imodzi inkagulidwa ndi ma kwacha oposa 22. Mafuta ophikira ndinkagula oyezera m'kapulasitiki, ufa wa pamela. Sabata yachiwiri ya mwezi isanathe ndinali nditayamba kale kubwereka pa foni tingongole ta mobile money, timene timabwera msanga koma timadula pomwepo ndalama ikangolowa.

Amene anandiwerengera masamu ake ndi bambo wina wachikulire woyendetsa lole pantchito pathu, wa ku Petauke. Anandiona ndikupempha advansi kwa akauntanti ndipo masana anandiitanira pamthunzi. Anatenga pepala lakale loperekera katundu n'kulemba kumbuyo kwake. "Mwana wanga, K600 kuchulukitsa ndi miyezi 12 ndi K7,200. Iwe unatenga K2,000. Ukhoza kulipira mpaka imvi, K2,000 ija idzakhala ili pomwepo. Munthu uja safuna kuti umubwezere, amafuna uzibwera." Ndinawauza kuti, "Bambo, ndikudziwa, koma K2,600 ya pamodzi ndiitenga kuti?" Iwo ndi amene anandilowetsa m'chilimba.

Chilimba chathu chinali cha anthu asanu, tonse a pantchito imodzi, aliyense K500 pa tsiku lolandira malipiro. Bambo aja anapempha anzawo kuti ine ndikhale woyamba kulandira, ndipo iwo anavomera kukhala omaliza. Ndinalandira K2,500 kuphatikizapo yanga, ndinawonjezera K100, ndinapita kwa wakaloba tsiku lomwelo ndisanafike kunyumba. Sanasangalale. Anandiuza kuti ndingopereka K600 ngati kale, yotsalayo ndikachitire zina. Ndinamuwerengera yonse patebulo, ndinanyamula TV yanga pamutu. Miyezi yotsatira, K600 imene inkapita kwa iye ndiyo inkalipira K500 ya chilimba, n'kutsalako K100.

Chilimba chili ndi ubwino wake ndi malire ake. Woyamba kulandira wapeza ngongole yopanda chiwongoladzanja, chinthu chimene palibe banki ingakupatse. Womaliza wasunga ndalama mokakamizidwa, koma sinaswe, ndipo m'chaka cha mitengo yokwera amalandira ndalama yogula zochepa kuposa imene anasonkha. Ndiye chilimba ndi chabwino pophera ngongole kapena pogula chinthu chimodzi chachikulu, osati pomangira chuma cha zaka khumi. Komanso chathu chinayenda bwino chifukwa tinkalandira tsiku limodzi ndipo panalibe kothawira. Za m'magulu a WhatsApp zimene mumasonkha ndi anthu amene simunaonanepo nawo, zija amati ika K500 ulandire K4,000 ukabweretsa anzako awiri, si chilimba ayi, ngakhale azitchule dzina lomwelo.

Kaloba atatha ndinaona kuti bowo lalikulu linali lina, ndipo ndi limene anthu ambiri sakonda kulitchula. Ndine woyamba kubadwa ndipo ndine ndekha wa pa payslip m'banja mwathu. Kumudzi, munthu wogwira ntchito ku Lusaka ndi banki. Foni inkalira tsiku lililonse: mng'ono wanga akufuna yunifolomu, amalume njinga yathyoka, msuweni mwana wadwala, azakhali akufuna yapaulendo wa kumaliro ku Chadiza. Aliyense ankapempha pang'ono, K100, K150, ndipo aliyense ankaganiza kuti ndi iye yekha wapempha. Nditatsegula mauthenga a Airtel Money n'kuwonkhetsa za miyezi ingapo, ndinapeza kuti ndinkatumiza ndalama yoposa lendi yanga, koma palibe chooneka chimene chinkachitika kumudziko. Amayi ankaperewerabe feteleza.

Ndinapita kumudzi nthawi yokolola ndi kope langa. Sindinafune kukamba pa foni chifukwa pa foni mawu akuti "ndilibe" amamveka ngati mwano. Usiku titadya ndinawaonetsa amayi payslip yeniyeni, koyamba chiyambireni ntchito. Sadziwa kuwerenga Chingerezi koma manambala amawadziwa bwino, agulitsa mtedza ndi thonje moyo wawo wonse. Ndinawaonetsa yolowa, ya lendi, ya minibasi, ya ngongole, ndipo ndinawauza za kaloba wa pa maliro a bambo, zimene sankadziwa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mwananga, ife timayesa kuti umalandira ngati aphunzitsi aakulu. Bwanji sunanene?"

Ndinati, "Amayi, ndikufuna ndizikutumizirani K700 mwezi uliwonse, tsiku lomwe ndalandira, osadumphitsa. Koma izidzera kwa inu nokha. Wofuna thandizo azibwera kwa inu, inu muziona woyenera." Ndinawonjezera kuti K400 imene mlimi amapereka kuti alandire feteleza ndi mbewu za FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi, ndizilipira padera chaka chilichonse, ndipo matenda aakulu kapena maliro ndi nkhani ina. Ndinawauzanso kuti pali ina imene ndizisunga ndipo sindidzaikhudza ngakhale wina alire bwanji. Apa ndi pamene ndinkaopa. Iwo anangoti, "Chimanga cha mbewu sitikazinga, ngakhale ana alire njala. Sunga."

Amalume sanazilandire choncho. Anandiimbira foni n'kundikumbutsa kuti kupatsa ndi kuika, kuti iwo anandigulira nsapato ndikupita ku sekondale, kuti Lusaka yandisintha. Za nsapato zinali zoona. Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Amalume, sindinasiye kuthandiza, ndalama ili kwa alongo anu." Anakhala nthawi osandilankhula. Koma taonani chimene chinachitika: amayi amadziwa amene njinga yake yathyokadi ndi amene akufuna ya kachasu, chinthu chimene ine ndili ku Mtendere sindikanachidziwa. Zopempha zinachepa zokha, chifukwa kupempha mayi wachikulire maso ndi maso n'kovuta kuposa kutumiza "please call me". Ndipo K700 yodziwika tsiku lake inawathandiza amayi kuposa ndalama zambiri zobwera mwadzidzidzi. Anagula mbuzi ziwiri, kenako anafolera nyumba ndi malata. Mu Januware 2022 boma linachotsa fizi m'masukulu ake mpaka ku sekondale, ndiye katundu wa mng'ono wanga anapepukanso, kunatsala yunifolomu ndi mabuku.

Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndingamuuze mnzanga woyamba kubadwa, ndi chimenechi. Mabuku ndi mavidiyo a zachuma amakamba za kuchepetsa khofi wa m'malesitilanti. Ife vuto lathu si khofi. Achibale simungawasiye, ndipo simuyenera kuwasiya, koma thandizo lopanda malire limatha kukugwetsani nonse, inu ndi iwo.

Ndalama yoyamba kusunga inali ya mwadzidzidzi. Ndinatsegula akaunti yachiwiri ku banki ina, yopanda khadi ya ATM komanso yosalumikizidwa ku foni, ndipo ndinasainira kuti banki yanga izitumiza yokha K400 kumeneko tsiku lotsatira malipiro. Kuti ndiitenge ndiyenera kukwera minibasi kupita ku Cairo Road n'kuima pamzere, ndipo ulesi umenewo wandipulumutsa kambirimbiri. Cholinga chinali kufika pa ndalama yokwana lendi, chakudya ndi yapaulendo ya miyezi itatu. Zinatenga nthawi yoposa chaka. Tingongole ta pa foni ndinasiya osati chifukwa cha mphamvu ya mtima, koma chifukwa sabata yachitatu ya mwezi inkandipeza ndidakali ndi kanthu.

Village banking, gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama, ndinayesako ndi amayi a kutchalitchi, chaka chimodzi, ndipo pogawana ndinapeza phindu. Ndinatuluka chifukwa gulu lathu linali ndi lamulo lakuti aliyense azibwereka ndithu kuti chiwongoladzanja chikule. Kwa wa bizinesi ya tomato kapena makala amene ndalama imazungulira sabata ndi sabata, zimathandiza. Kwa ine wa malipiro a pamwezi, kunali kubwereka ndalama imene sindikuifuna n'kuilipirira.

Za Treasury bills ndinazimva kwa akauntanti wathu. Ndinkayesa ndi za anthu olemera a ku Kabulonga, koma kudzera pa njira ya anthu wamba munthu akhoza kuyamba ndi K1,000. Zimayenda chonchi: boma likafuna kubwereka, Bank of Zambia imagulitsa mapepala amenewa, a masiku 91, 182, 273 kapena 364. Umalipira ndalama yocheperapo kuposa imene yalembedwa, nthawi ikakwana amakupatsa yonse yolembedwayo, ndipo kusiyana kwake ndiye phindu lako, atachotsapo msonkho. Ndinapita ku banki yanga ndi chitupa changa cha NRC ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku ZRA, anandithandiza kulembetsa, ndipo ndinayamba ndi ya masiku 91 chifukwa ndinkafuna kuona ndi maso kuti ndalama imabwereradi. Inabwera pa tsiku lake. Phindu linali laling'ono, losakwana ngakhale thumba la ufa, koma kanali koyamba m'moyo wanga kuti chiwongoladzanja chilowe kwa ine.

Ndinali ndi mantha amene ambiri ali nawo. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole ya Eurobond, ndiye munthu umadzifunsa kuti boma lolephera kulipira azungu lingalipire ine wa ku Mtendere? Kusiyana kwake n'kwakuti ija inali ngongole ya kunja, ya madola. Pa zokambirana zokonzanso ngongole, kuphatikizapo mgwirizano wa mu Juni 2023 wa madola 6.3 biliyoni ndi maiko amene anatibwereketsa, mapepala a boma a m'ma kwacha sanakhudzidwe, ndipo anapitiriza kulipidwa. Sindikunena kuti palibe choopsa. Choopsa chenicheni kwa ife ndi kukwera kwa mitengo: ngati pepala likupatsa 15 peresenti koma zinthu zakwera ndi 16, wabwerera m'mbuyo pang'ono. N'chifukwa chake ndisanagule ndimayang'ana manambala awiri, chiwongoladzanja cha pepalalo ndi kukwera kwa mitengo kumene bungwe la ZamStats limalengeza mwezi uliwonse.

Mu Epulo 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasainira lamulo lolola munthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zake za ku NAPSA kamodzi kokha, ngati wasonkha miyezi 60 kapena wakwanitsa zaka 45. Lusaka yonse inatekeseka. M'sitolo mwathu simenti ndi malata zinayenda kwambiri miyezi imeneyo, ndipo ndikukhulupirira kuti m'mabala namo munali chimodzimodzi. Ine ndinali nditakwanitsa miyezi 60, ndipo yanga inali yoposa pang'ono K8,000. Ndinaganiza nthawi yaitali, chifukwa ndalama imeneyo si mphatso, ndi penshoni yako yomwe ukuichepetsa. Ndinaitapa pa chifukwa chimodzi: ngongole ya pa payslip inali idakalipo ndipo chiwongoladzanja chake chinali chachikulu. Ndinapempha kalata yonena ndalama yotsala kuti ndiitseke, ndinalipira, ndinaonetsetsa kuti andipatsa kalata yoti ndamaliza ndiponso kuti a malipiro pantchito asiya kudula. Chimenechi musachinyalanyaze, mnzanga wina anadulidwabe miyezi iwiri atamaliza kale ndipo anavutika kuti imubwerere. Yotsala ndinaika mu bond ya boma ya zaka zisanu. Mnzanga amene alibe ngongole yodula ndipo akufuna kutapa kuti agule foni kapena sofa, ndimamuuza kuti aisiye komweko.

Ma bond amasiyana ndi Treasury bills chifukwa ndi a nthawi yaitali, zaka 2, 3, 5, 7, 10 kapena 15, ndipo amalipira chiwongoladzanja kawiri pachaka, miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Nthawi imene ndinkagula, a zaka zambiri ankapereka kuposa 20 peresenti pachaka. K1,100 imene inamasuka pa payslip sindinaizolowere n'komwe. Ndinawonjezera pa ija imapita yokha ku akaunti yachiwiri, ndipo ikakwana ndimagula bond ina. Chiwongoladzanja chikalowa sindichidya, chimabwerera komweko. Apa ndi pamene chuma chimakulira, ndipo n'zosasangalatsa kuonerera: chaka choyamba umaona ngati palibe chikuchitika. Tsopano chiwongoladzanja cha pachaka chimaposa malipiro anga a mwezi umodzi, ndalama imene sindinaidzukire m'mawa.

Masheya ndili nawo ochepa. Lusaka Securities Exchange inayamba kugulitsa mu 1994, ndipo pali makampani amene timawadziwa tonse monga Zanaco, Zambia Sugar, Copperbelt Energy Corporation, Zambeef ndi Chilanga Cement. Umagula kudzera kwa broker, mkhalapakati wovomerezedwa ndi bungwe la Securities and Exchange Commission (SEC). Ndimagula a kampani imene ndikumvetsa chimene imagulitsa ndipo ili ndi mbiri yogawa phindu kwa eni masheya. Msika wathu ndi waung'ono, masheya ena amatha masiku osagulidwa, ndiye si malo oika ndalama imene ungaifune mwezi wamawa. Ndipo aliyense wondiuza za "investimenti" yobereka 30 peresenti pamwezi ndimamufunsa ngati ili pa mndandanda wa Bank of Zambia kapena wa SEC. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo.

Chaka cha 2024 chinayesa zonsezi. Mvula inakana, Pulezidenti analengeza chilalacho kuti ndi ngozi ya dziko kumapeto kwa Febuluwale, madzi anachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Thumba la ufa la makilogalamu 25 linapitirira K300, makala anakwera, ndipo pofika Disembala kukwera kwa mitengo kunali kupitirira 16 peresenti. Munda wa amayi sunabereke kanthu. Iyi ndiyo nkhani ina ija tinagwirizana: ndinatapa mu akaunti ya mwadzidzidzi n'kuwagulira chimanga chokwanira kufika kukolola kwina, ndipo amalume aja anadya nawo. Ndinaimitsa kugula ma bond kwa miyezi ingapo kuti ndibwezeretse imene ndinatapa. Sindinagulitse bond ngakhale imodzi, ndipo kwa wakaloba sindinapondeko, ngakhale ndinaona anzanga a pantchito akubwerera kumeneko chaka chimenecho.

Anthu amandifunsa kuti bwanji sindinagule puloti, popeza kuno munthu amaoneka kuti wachita kanthu akakhala ndi malo ku Chongwe kapena ku Chilanga. Ndimagulitsa simenti, ndiye ndimaona anthu ambiri amene anagula malo mothamanga n'kuima pa maziko zaka zisanu akulipirabe lendi, ndalama yawo itakwiririka m'nthaka. Ndaonanso amene anagula kwa anyamata a chipani kapena kwa mfumu ya mudzi popanda mapepala, n'kupeza kuti puloti yomweyo inagulitsidwa kwa anthu atatu. Malinga ndi lamulo la malo la 1995, nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo chimene munthu amapatsidwa ndi lizi, nthawi zambiri ya zaka 99. Malo a mafumu kuti asanduke a taitolo pamafunika chilolezo cha mfumu yaikulu ndi khonsolo, osati kalata ya nyakwawa yokha.

Bond yanga yoyamba ya zaka zisanu idzakhwima mu 2028, ndipo imeneyo ndi imene ndaikonzera puloti. Ndisanapereke ngwee iliyonse ndidzatenga nambala ya puloti kupita nayo ku Unduna wa Malo kukafufuza dzina la mwini wake ndiponso ngati palibe ngongole kapena mlandu pa malowo, ndidzaitana wopima malo kuti aone zikhomo za malire, ndipo ndalama idzadzera kwa loya, osati pa foni ya munthu.